Tsitsi Lanu Ndi Namba Chani?

Imwe ba sisi a ku Shimabala, musagule mafuta chabe chifukwa mnzanu ati ni abwino. Yambani mwadziwa tsitsi lanu.

Andre Walker, amene anali kukonza tsitsi la Oprah Winfrey, analigawa m'mitundu 4. Namba 1 ndi loongoka, 2 lopindika pang'ono, 3 lopotana ngati spring'i, 4 lopotana zolimba. Ambiri kuno tili pa 4.

Kuti mudziwe lanu, lichapeni, lisiyeni liume lokha osadzola kanthu, muone m'mene lapotanira.

Namba 4 imauma msanga chifukwa mafuta a pakhungu la mutu amalephera kufika kunsonga. Manje onjezani fumbi la malole a pa msewu wa Kafue! Nyowetsani ndi madzi poyamba, ndiye mudzole mafuta a nsatsi kuti chinyezi chisathawe. Pesani lili lonyowa, ndi chipeso cha mano otalikirana. Usiku mangani chitambala cha satini.

A namba 2 ndi 3, mafuta maningi amalilemeretsa, dzolani pang'ono chabe.

Ndipo ku saluni akakoka mukule mpaka maso kutuluka, kambani. Tsitsi la pamphumi likazuka kawirikawiri, nthawi zina silimeranso.