Khofi Woviika M'madzi Ozizira

Tikulemba kuchokera kuno ku gombe la nyanja ya Chiuta, m'boma la Mecanhelas. Mwezi uno tsamba lathu lino likulowa kukhitchini. Ena adabwa, pakuti anazolowera kuti pano timakamba za misonkhano ndi zopereka. Koma nkhani imene tiri nayoyi inayambira pakhonde la nyumba yathu, ndipo yafika kale m'makomo angapo a mumpingo. Tikachedwa kuikamba, ifika m'mimba mwa ana athu tisanaikonze.

Inu amene munakhalako kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala mukudziwa m'mene kumatenthera. Nyanja imaphwa n'kuthawira kutali, asodzi amakoka mabwato awo m'matope, ndipo dzuwa likamaswa mtengo ngakhale mlendo waulemu amayang'ana kapu ya tiyi wamoto ndi maso odandaula. Inali nyengo yotereyi pamene mnyamata wina wa kwaya yathu anabwerako ku Johannesburg, kumene anagwira ntchito zaka zingapo m'nyumba yodyera. Anatipatsa mphatso ya paketi ya njere za khofi zokazinga kale, nalonjeza kutiphunzitsa kapangidwe kamene kumeneko amakatcha cold brew. "Abusa," iye anatero, "khofi ameneyu safuna moto. Mumangomuviika m'madzi ozizira madzulo, m'mawa mukamadzuka wapsa kale."

Mawu akuti "safuna moto" ndi okoma m'khutu la aliyense amene amadziwa kutalika kwa mtunda umene amayi amayenda pofuna nkhuni, ndiponso mtengo wa thumba la makala. Ifenso anatikomera.

Tsono chimene chimachitika m'botolomo n'chiyani? Njere ya khofi ikakazingidwa ndi kusinjidwa imakhala ndi zinthu zambiri zosungunuka m'madzi: zina zonunkhira, zina zowawa, zina zowawasa, ndiponso kafeini, uja amathamangitsa tulo. Madzi owira amatulutsa zonsezi mwaliwiro, m'mphindi zinayi kapena zisanu, zokoma ndi zowawa zomwe. Madzi ozizira ndi aulesi. Amafuna maola 12 kapena kuposerapo, ndipo zina mwa zowawazo amazisiya m'nsenga. N'chifukwa chake khofi woviika amamveka wofatsa pakamwa, kotero kuti munthu wozolowera masupuni atatu a shuga amatha kupeza kuti imodzi yakwana. Kwa ife a kuno si nzeru yachilendo kwenikweni. Amayi athu akhala akuviika mphale kuti ufa uyere, akuviika malambe ndi bwemba kuti ana amwe, kuyambira kale lomwe. Chachilendo ndi khofiyo basi.

Tisasokoneze khofi ameneyu ndi khofi wophika amene wangozizira. Ku Portugal kuli chakumwa chotchedwa mazagran, chimene dzina lake linachokera ku linga la Mazagran m'dziko la Algeria, kumene asilikali a ku France anazingidwa ndi adani mu 1840. Ameneyo ndi khofi wopangidwa ndi madzi otentha, kenaka n'kumuziziritsa ndi kuthiramo ndimu. Wathuyu ndi wina. Ndiponso tisavutike kuviika khofi wa m'chitini monga Ricoffy, amene ambiri a ife timamudziwa. Ameneyo anaphikidwa kale kufakitale n'kuumitsidwa, ndipo anasakanizidwa ndi muzu wa chomera china. Amangosungunuka pomwepo, alibe chodikirira usiku wonse. Wofunika pano ndi khofi wa njere, kapena wogaya kale amene sasungunuka.

Ulendo wathu woyamba tinalephera, ndipo sitichita manyazi kuulula. Tinasinja njerezo mumtondo umene dzulo lake munasinjidwa nsinjiro ndi tsabola, tinasinja mwakhama mpaka zinasanduka ufa wosalala, poganiza kuti kulimbikira ndiko kukometsa. Tinathira madzi, tinatseka botolo, ndipo m'mawa mwake tinaitanidwa kumaliro kumudzi wina wakutali, kumene tinagona masiku awiri. Pobwera tinapeza chinthu chamatope, chokana kudutsa pansalu yosefera, chonunkha ngati thobwa losasa, chokhala ndi ukali wa tsabola kukhosi. Nkhuku zomwe zinachikana.

Koma cholakwa chachikulu sitinachione ife. Anachiona mayi wina wachikulire wa bungwe la amayi, tsiku limene tinakhala pansi kukonzekera mapemphero a usiku wonse. Mnyamata uja anapereka ganizo lakuti tiviike khofi m'ndowa ziwiri kuti anthu asaodzere, ndi kutinso tipulumutse nkhuni. Mayiwo anamulola amalize, kenaka anafunsa mofatsa: "Mwana wanga, madzi akewo ndi ati?"

"A pachitsime, amayi."

"Osaphitsa?"

"Osaphitsa, amayi. Ndiye ubwino wake umenewo."

"Tsono iwe ukufuna kumwetsa mpingo wonse madzi aawisi amene agona usiku wathunthu m'ndowa, kunja kukutentha chonchi?"

Panakhala chete, ndipo ife amene tinali pampando tinaweramitsa mutu, pakuti funsolo linayenera kuchokera kwa ife kalekale.

Abale, sitinaiwale zimene tinaziona m'zaka za 2022 ndi 2023. Kolera imene inasautsa dziko la Malawi inalengezedwa mu Malichi 2022 itapezeka m'boma la Machinga, tsidya lina la nyanja yomweyi, ndipo inapha anthu oposa 1,700. Kuno ku Mozambique inayambira m'chigawo chathu chomwechi cha Niassa, m'boma la Lago, mu Seputembala 2022, ndipo inafalikira kwambiri namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023. Ife okhala m'mbali mwa Chiuta, Chilwa ndi Amaramba timamwa, timachapa ndi kusodza m'madzi osaya, ndipo zitsime zathu zambiri n'zosazama. Kapu ya tiyi yakhala ikutiteteza zaka zonsezi ife osadziwa, osati chifukwa cha masamba ake, koma chifukwa chakuti palibe amene amapanga tiyi madzi asanawire. Khofi woviika wachotsa mlonda ameneyu pakhomo. Mtundu wake wakuda ndi fungo lake lamphamvu zimanyenga maso ndi mphuno, koma khofi sapha tizilombo ta kolera, ta kamwazi kapena ta tayifodi. Madzi akalowa m'botolo ali odetsedwa, atulukamo ali odetsedwa, ndipo atakhala maola ambiri pamalo ofunda.

Chotero tikunena mosabisa kuti mawu aja akuti "safuna moto" ndi oona mbali imodzi yokha. Khofiyo safuna moto, koma madzi ake amaufuna. Awire mpaka kubwadamuka kwa mphindi imodzi yathunthu, kenaka azizire ali ovundikira. Amene alibiretu nkhuni angathe kuthira mankhwala oyeretsera madzi, Certeza kuno kwathu kapena WaterGuard tsidya la Malawi, motsatira muyeso wolembedwa pabotolo, ndi kudikira theka la ola. Kungoti kafungo ka mankhwalawo kamatsalira ndipo kamalimbana ndi fungo la khofi. Ife tinasankha kuphitsa.

Nanga phindu la nkhuni lija lapita kuti? Silinapite lonse. Madzulo moto umakhala utayaka kale chifukwa cha nsima. Mphika ukachoka pamafuwa, ikanipo ketulo pamakala otsalawo. Simunaonjezere nkhuni ngakhale imodzi. Moto umene mwapulumutsa ndi wa m'mawa. Msodzi wolawirira kunyanja tambala asanalire, kapena mlimi wothamangira kudimba kusanatenthe, angathe kusefa khofi wake mumdima n'kunyamuka, osadzutsa mkazi wake kuti akoleze moto. Ndipo msodzi amene wanyamula botolo la chakumwa cha madzi ophitsa sakhala ndi chifukwa chotungira madzi a m'nyanja ludzu likamugwira. Apa ndi pamene ife taona ubwino weniweni wa chinthuchi.

Kapangidwe kake, monga momwe takakhazikitsira kunyumba kwathu titalakwitsa kangapo, ndi aka. Sinjani njere mumtondo wotsuka bwino ndi wouma, ndipo lekezani pamene zafanana ndi misere ya chimanga. Zikafika pa ufa mwapyola. Ngati munagula wogaya kale wosalala, musataye mtima, ingochepetsani maola ndi kusefa kawiri. Tengani botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu lokhala ndi chitsekerero, mulitsuke ndi sopo, mulitsukuluze ndi madzi owira. Thiranimo kapu imodzi ya khofi wosinja pa makapu anayi a madzi ophitsa aja atazizira, ndiye kuti magalamu 80 kapena 90 pa lita imodzi. Takasani ndi supuni yoyera kuti khofi yense anyowe, pakuti amakonda kuyandama. Tsekani. Musathiremo shuga kapena mkaka panthawiyi. Zimenezo ndizo zimafulumizitsa kusasa.

Malo oika botolo ndi nkhani yofunika kuno kotentha. Amene ali ndi furiji aike m'menemo, ndipo angathe kudikira maola 18 kufikira 24, popeza kuzizira kumachedwetsa ntchito. Ambiri a ife tiribe, koma tiri ndi mtsuko wadothi, umene umatuluka thukuta ndi kuziziritsa za m'kati mwake. Imikani botolo lotseka bwino mumtsuko wa madzi, khosi lake litatulukira pamwamba, pakona yamdima ya nyumba. Maola 12 akwana: mukaviika 7 koloko madzulo, sefani 7 koloko m'mawa, wolawirira asefe msanga, khofi wake angokhala wopepukirapo. Posefa gwiritsani ntchito kansalu koyera kothina maso kamene mwakawiritsa, ndipo kakhale ka ntchito yokhayi. Musafinye mwamphamvu, pakuti mukatero mukankhira nsenga m'chakumwa. Lolani adonthe yekha. Chotulukacho n'champhamvu. Lawani, ndipo ngati chakukulirani onjezani madzi, ophitsanso, kapena mkaka wowiritsa. Nsenga zotsala katayeni pamulu wa manyowa.

Wosefayo, ngati mulibe furiji, amwedwe tsiku lomwelo. Asagone. M'furiji angathe kukhala masiku ochepa, koma ife sitingamusunge kupyola sabata. Akayamba kuchita thovu kapena kununkha mosasa, mtayeni osaumira.

Mwina wina afunsa kumene angapeze khofi wa njere, popeza kuno samera. N'zoona: dera lathu n'lotsika ndi lotentha, pamene khofi wa mtundu wa arabika amakonda mapiri ozizira. Amene mumayenda ulendo wa ku Nampula kapena Lichinga, kapena kuoloka pa Entre Lagos ndi Nayuchi kupita ku Zomba ndi Blantyre, yang'anani m'masitolo akuluakulu. Ku Malawi kuli wa Mzuzu, wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a m'mapiri a Misuku, Phoka ndi Viphya, ndiponso wa ku Satemwa ku Thyolo. Kuno kwathu kuli wa paphiri la Gorongosa m'chigawo cha Sofala, amene alimi amamubzala pansi pa mthunzi wa mitengo yachilengedwe pofuna kubwezeretsa nkhalango. Ndipo pachilumba cha Ibo ku Cabo Delgado kuli mtundu wina wakale, wa njere zazing'ono ndi kafeini wochepa. Dziko la Mozambique linalowa m'bungwe la khofi la mayiko onse mu 2023.

Tingotchulako podutsa kuti mbewu imeneyi ndi mpingo zinafika m'dera lino pafupifupi m'ngalawa imodzi. Mu 1878 Jonathan Duncan, wosamalira minda wa mishoni ya Blantyre, anabweretsa mbande zitatu za khofi kuchokera ku Edinburgh. Ziwiri zinafa, imodzi inapulumuka, ndipo inabala minda yambiri ya m'mapiri a Shire. John Buchanan anamulima ku Zomba, ndipo Joseph Booth, amene anafika mu 1892, anayembekezera kuti mishoni zake zizidzidalira ndi khofi yemweyu. Mtengo wa khofi unafika pojambulidwa pachizindikiro cha boma la atsamunda. Koma chitangodutsa chaka cha 1900 mitengo inagwa chifukwa cha khofi wochuluka wa ku Brazil, tizilombo ndi chilala zinaonjezera, ndipo fodya ndi tiyi zinalanda malo. Mwina n'chifukwa chake ife tinakula tikudziwa tiyi wa ku Gurué, Mulanje ndi Thyolo, koma khofi tikumuona ngati chakumwa cha mabwana.

Mawu amodzi okhudza mphamvu yake. Kufatsa kwa khofi woviika kuli pakamwa pokha. Kafeini alimo wokwanira, ndipo popeza sawawa ndiponso satentha, munthu amagugudiza makapu awiri ngati akumwa madzi. Kafeini amatenga maola pafupifupi asanu kuti theka lake lichoke m'thupi, kotero kuti kapu ya madzulo imakudikirani pamphasa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limalangiza amayi oyembekezera amene amamwa kafeini woposa mamiligalamu 300 patsiku kuti achepetse, ndipo makapu awiri a khofi wamphamvu chotere angathe kuyandikira pamenepo. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena la mtima ayambe afunsa kuchipatala. Ana apatseni malambe awo.

Pamapemphero a usiku aja tinamwa tiyi wamoto monga mwa masiku onse, ndipo tagwirizana kuti pamisonkhano ikuluikulu zipitirire motero, pakuti palibe amene angalondole ukhondo wa ndowa, zikho ndi manja a anthu ochuluka chotero. Khofi woviika akhale wa pakhomo, botolo limodzi, munthu mmodzi woliyang'anira. Mnyamata uja anaphitsa yekha madzi Loweruka lotsatira, naviika botolo lake mumtsuko, ndipo Lamulungu titaweruka anapita nalo kwa mayi aja, nagwada, nawapatsa kapu ndi manja awiri. Mayiwo anafunsanso za madzi, anayankhidwa, analawa, nakhala kaye chete.

"Akukoma," anatero, "koma shuga wachepa."