Mauka si mboni ya chigololo

Mwana wa mng'ono wanga anatulukira kwathu ku Matero dzuwa litapendeka, ukwa pamutu, khanda kumsana, maso ali psuu. Wachokera ku Chawama, akuti banja latha. Ndinamupatsa madzi akumwa, ndinamusiya apume, kenaka tinalowa kuchipinda. Sabata yathunthu kumalo obisika kwakhala kukumuyabwa kosagonetsa tulo, kukutuluka zoyera zambee zonga chambiko, ndipo pokodza amamva kuwotcha. Mwamuna wake nayenso nsonga ya chida chake yafiira. Basi mlandu unagamulidwa m'nyumba momwemo, popanda ankhoswe.

"Mayi aakulu, akuti ndawatengera matenda kwa amuna a kumsika," anatero, misozi ili mbwembwembwe.

Ndinamufunsa funso limodzi lokha: kodi wamwako makapisozi posachedwapa? Anati inde, dzino linamuvuta, ndiye anagula pa kantemba n'kumwa masiku asanu. Galu wamkota sakandira pachabe, ana inu. Pomwepo ndinadziwa kuti banja likuthera chinthu chimene sichinachokere kwa mwamuna aliyense wa kumsika.

Nthenda imeneyi kwathu kum'mawa timaiponya m'gulu la mauka, a ku chipatala amati thrush kapena kandida. Imabwera ndi kachilombo kotchedwa Candida albicans, kachibale ka yisiti yemwe timafufumitsira vitumbuwa. Kachilomboka sikachita kubwera ndi mlendo. Anthu ambiri tili nako kale m'kamwa, m'matumbo, pakhungu ndi m'njira ya amayi, ndipo kamakhala phee chifukwa mabakiteriya abwino a m'thupi amakapanikiza. Alonda amenewa akachepa, iko kamaswana. Ndiye taganizani: makapisozi ngati amoxicillin sasankha, amapha mabakiteriya oipa ndi abwino omwe. Mimba nayonso imasintha m'thupi mwa mayi n'kukapatsa mpata. Matenda a shuga ndiye chakudya chake chenicheni. Madokotala amati mwa amayi 4 aliwonse, 3 adzadwalapo nthendayi kamodzi pa moyo wawo. Imagwira namwali wosadziwa mwamuna, imagwira mayi busa, imagwira gogo wamasiye. Inde, nthawi zina mkazi ndi mwamuna amatha kupatsirana kuyabwako akakhala malo amodzi, koma nthendayi siwerengedwa pamodzi ndi chinzonono kapena chindoko.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti manyazi amatipititsa kolakwika. Mayi akuyabwidwa, m'malo mopita ku kiliniki amatuma kamwana ndi kapepala ku kantemba, kapena amanong'oneza mnzake wa pampopi kuti akamugulireko "za mauka" akamapita kumsika wa Soweto. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Chimabwera n'chiyani? Flagyl pamodzi ndi makapisozi omwe aja. Flagyl ndi mankhwala abwino pa ntchito yake. Amachiza ukazi wotuwa wonunkha ngati nsomba, amachizanso uja wachikasu wathovu umene umachokera pogonana. Koma yisiti samupha. Makapisozi ndiye amangothira mafuta pamoto. Mayi uja amawona kuti sizikusintha, amaguliranso ena, ndalama ya ndiwo n'kuthera pamenepo. Boma linakhazikitsa bungwe la ZAMRA kuti liziyang'anira malonda a mankhwala, koma ZAMRA singaime pakhomo la kantemba aliyense mu Kanyama ndi mu George. Wogula ndiwe, ndipo safunsa anadya phula.

Pano ndilankhule ndi alangizi anzanga, ife amene timavala zitenje zofanana pa kitchen party n'kumalangiza ana a eni. Zambiri zimene timaphunzitsa n'zabwino, koma pali zina zimene tiyenera kuzisiya. Timauza mtsikana kuti azitsuka mkati ndi chala ndi sopo m'mawa ndi madzulo. Ena amawonjezera Dettol m'madzi, ena mandimu, ena mchere, ena amaika zitsamba ndi tinsalu kuti mukhale mouma ati abambo akondwe. Mkati mwa mayi mumadziyeretsa mokha. Mukamatsukamo ndi sopo mukuthamangitsa alonda aja, ndipo khungu louma limang'ambika msanga, n'kutsegulira khomo matenda ena oposa mauka. Kunja kokha, ndi madzi oyera, n'kupukuta bwino, zakwana. Za kudula mauka ndi lezala, zimene agogo athu ena ankachita kumudzi, ndisanene zambiri. Palibe chimene mungadule n'kuchotsa yisiti, mungotsala ndi chilonda.

Ndikudziwa kuti mu komboni ukhondo ndi ndalama. Madzi timagula pa kiyosiki ndi zigubu, bafa ndi limodzi mabanja asanu, ndipo nthawi ya mvula ku Kanyama munthu umayenda m'madzi kuchoka pakhomo mpaka pamsewu. Koma pali chizolowezi china chimene sichifuna ndalama kuti tichisiye. Timachapa kabudula wamkati n'kumuyanika pansi pa matiresi kapena kuseri kwa chitseko, kuopa maso a anthu, mawa n'kumuvala akadali wachinyezi. Mu Okutobala, kutentha kuja kwa malata, wina wavala wa nayiloni, pamwamba taiti, pamwamba jini yothina, tsiku lonse ali pamsika. Yisiti amakonda pofunda ndi ponyowa. Posankha pa salaula funani wa thonje, ndipo muyanikeni padzuwa. Mukachita manyazi phimbani ndi kachitenje kopyapyala pachingwe pomwepo.

Abambo, musaseke, nkhaniyi ndi yanunso. Kwa inu imabwera ndi kufiira ndi kuyabwa kunsonga, timadontho tofiira, zoyera zounjikana pansi pa khungu, nthawi zina khungulo kuchita timing'alu n'kumavuta kubweza. Imakonda osadulidwa, chifukwa pansi pa khungu pamasunga chinyezi. Bwezani khungu posamba, tsukani ndi madzi okha, pukutani. Koma ngati mafinya akutuluka m'njira ya mkodzo, kapena pali chilonda, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo mukayezetse nonse awiri osazengereza.

Mankhwala ake enieni si ovuta. Kwa amayi pali clotrimazole, mibulu yoika m'njira pogona usiku. Ulipo wa 500 mg woika kamodzi kokha, iliponso ya 100 mg yoika masiku 6. Pali kirimu wake wopaka kunja, yemwenso abambo amapaka kawiri kapena katatu patsiku mpaka sabata ziwiri. Pali m'bulu wakumwa wa fluconazole wa 150 mg, kamodzi. Uwu mayi woyembekezera asamwe, iye zake ndi zoika zija, ndipo anene kwa anamwino kuti ali ndi pakati. Malizani masiku onse ngakhale kuyabwa kutaleka pa tsiku lachiwiri. Dziwaninso kuti kirimu ndi mibulu yoikayi imafoola mphira wa kondomu, choncho ndi bwino kupumira kaye za m'nyumba mpaka mutachira. Mwamuna amene alibe chizindikiro chilichonse safunika mankhwala.

Zipatala tili nazo pafupi. Ku Kanyama, ku Chawama ndi kwathu ku Matero makiliniki akale aja anakwezedwa kukhala zipatala, ndipo ku Kalingalinga, ku Mtendere ndi ku George makiliniki alipo. Mzere ndi wautali, sindikana, umafunika kulawirira. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anamwino awona zambiri, zanuzo sizingawadabwitse. Makamaka ngati n'koyamba, ngati muli ndi pakati, ngati m'chinena mukupweteka, mukutentha thupi kapena mukutaya magazi pakati pa mwezi, musadzichize nokha. Muli komweko pemphani akuwoneninso khomo la chiberekero. Ntchito yoyeza khansa imeneyi inayamba m'makiliniki a mu Lusaka mu 2006.

Tsono pali mauka obwerezabwereza, kanayi pachaka kapena kuposa. Pamenepo nthendayi yasanduka mthenga. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Kayezetseni shuga, kayezetseni HIV. Chimodzimodzi munthu wamkulu akatuluka zoyera palilime ndi m'masaya, zoti ukapala pansi pake pamatsala pofiira. Ife amene tinaona zaka za m'ma 1990 tikukumbuka abale athu akulephera kumeza ngakhale phala chifukwa zoyerazo zatsikira kukhosi. Nthawi imeneyo tinkangoyang'ana. Lero ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma kuyambira 2005, ndipo chitetezo cha m'thupi chikabwerera zoyerazo zimatha. Kwa khanda ndi zosiyana. Zoyera m'kamwa mwa mwana wa milungu yochepa n'zofala, sizitanthauza kuti ali ndi kachilombo ka HIV. Musamupale ndi nsalu mpaka magazi. Ku sikelo amapereka nystatin wodonthezera m'kamwa, pena mankhwala a pepo aja a GV, ndipo mayi ngati nsonga za mawere zikuwawa anene kuti athandizidwe onse pamodzi.

Mkamwini uja anabwera patapita masiku awiri ndi nkhoswe yake, nkhope ili gwa. Ndinawayalira mphasa, ine n'kukhala chapatali monga mwa mwambo.

"Apongozi," ndinatero, "mlanduwu sitiukamba lero. Mawa mupite nonse kuchipatala, mukabwere ndi makadi. Tikatero tidzaitana akuluakulu."

Anang'ung'udza, koma anapita. Mwana wanga anamupatsa mibulu yoika ya masiku 6. Apongozi aja anawapatsa kirimu, ndipo namwino atamva kuti kufiirako n'kwachitatu chaka chimenecho, kuti amadzuka kukakodza kangapo usiku ndipo ludzu silitha, anawabaya chala. Shuga anali pamwamba. Akuluakulu sitinawaitanenso. Ukwa uja anausenza okha mpaka pokwerera minibasi. Mwezi wathawu ndinakawaona ku Chawama, ndinawapeza pakhonde akumwa tiyi wopanda shuga, akudandaula kuti akukoma ngati madzi otsukira mbale.