Pulogalamu iyesedwe ku Luwerezi, osati mu ofesi ku Lilongwe

Mu 2020, ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba, thumba la feteleza linali pa K4,495, koma mlimi asanalinyamule wogulitsa ankayenera kujambula chiphaso chake cha unzika ndi foni. Netiweki ikadula, malonda ankaima. Alimi ena ankagona pa depoti, mvula ili pakhomo. Aliyense woyenda njira ya ku Khosolo kapena Luwerezi, m'boma la Mzimba, akanatha kuneneratu zimenezi.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamva achinyamata athu opanga mapulogalamu a pakompyuta akunyadira kuti amagwira ntchito mwa Agile. Anthu 17 amene anakumana ku Snowbird, ku Utah, mu 2001, n'kulemba maziko a Agile, anagwirizana mfundo yosavuta: panga kachigawo kakang'ono, kapereke kwa mwini ntchito, umve madandaulo ake, ukonze, ubwerenso. Ife tatolapo mwambo wokha. M'mawa uliwonse timaimirira mphindi 15, timamata timapepala pakhoma, sprint, gawo la ntchito la masabata awiri, ikatha timaombera m'manja. Nanga amene waona kachigawoko ndani? Bwana wa bungwe lopereka ndalama, pa intaneti yothamanga ya mu ofesi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwini pulogalamu ndi mlangizi wa zaumoyo wa ku Edingeni, amene amatchaja foni pa sola, amene mayi wamwana wodwala amamufotokozera m'Chitumbuka pomwe foni ikufunsa m'Chingerezi. Ndi namwino wa ku Embangweni amene amalemba kawiri, m'kaundula ndi m'kompyuta, chifukwa magetsi sawakhulupirira. Anthu amenewa amaiona pulogalamu itatha kale, pa maphunziro a masiku awiri pa boma la Mzimba, pamene kusintha batani limodzi lokha kwasanduka nkhani ya bajeti.

Msonkhano wounika ntchito pakutha pa sprint nawonso taupha. Wamng'ono sangatsutse bwana pagulu, ndiye aliyense amangoti zonse zili bwino, cholakwika chomwecho n'kulowa mu sprint yotsatira.

Ena ati Mzimba ndi kutali, mafuta adula. Koma Jenda, m'boma lomwelo, ali pamsewu wa M1, mabasi a ku Mzuzu amadutsapo tsiku lililonse. Khonsolo ya M'mbelwa ndi akuluakulu a zaumoyo m'bomali akane kulandira pulogalamu iliyonse imene sinagwirepo ntchito sabata yathunthu pamalo opanda netiweki, m'manja mwa munthu amene adzaigwiritse ntchito.