ZA M'BANJA: Mwana wa mpira pa malo acilendo



Mwezi uno tifuna kuceza nanu za nkhani imene ena adzaiyesa ya cibwana, koma imene yasowetsa tulo banja lina la pafupi nafe kuno ku Nkhotakota. Banjali linacokera ku mapiri a ku Dedza, pakuti mwini banja anamsamutsira kuno pa nchito. Anadza pa lole ndi katundu wao ndi ana anai. Ndipo woyamba wa anawo, mnyamata wa zaka 13, anadza wosweka mtima, cifukwa kwaoko anali m'timu ya mpira imene anaikonda koposa nsima. Masabata awiri oyamba sanaturuke m'nyumba, ati kunja kukutentha. Sabata lacitatu anthu anamuona pa bwalo la sukulu alikumenya mpira yekha, ndipo mwezi usanathe amuna atatu anali atafika kale pa khomo kudzampempha. Pamenepo makolo anadza kwa ife nati: Timpereke kwa yani?

Funsoli siliri la banja limodzi lokha. Anthu asamuka masiku ano kopambana kale: aphunzitsi ndi anamwino awatumiza kwina, ena atsata nchito ya nzimbe ku Dwangwa, ena atsata usipa m'madoko, ndipo enanso anacotsedwa pa malo ao ndi madzi osefukira a m'caka ca 2024, amene anagwetsa nyumba zambiri ku dera la Dwangwa komweko. Ponse pamene banja lifika, mwana afuna anzace. Ndipo kwa anyamata ambiri, ndi atsikana omwe, khomo lolowera kwa anzao ndilo bwalo la mpira. Cotero posankha timu musankha anthu amene adzakhala ndi mwana wanu madzulo onse, inu muli ku munda kapena ku msika.

Woyamba kufika anali mnyamata wa ku gombe, wansangala ndi waulemu ndithu. Timu yao ndi ya asodzi, ndipo isewera mipikisano ija aicha bonanza, yolimbirana mbuzi kapena ndalama. Iye anati mwanayo adzayamba kusewera Loweruka lomwelo, nadzalandirako kangacepe timu ikapambana. Sitinyoza mpira wa ku gombe ai. Usangalatsa mudzi wonse, ndipo ife tomwe taimapo kangapo pa mzere ndi kupfuula mpaka mau kutha. Koma m'timu yotere musewera amuna a ndevu, amene manja ndi miyendo yao zinakhwima ndi kukoka makoka. Mwana wa zaka 13 mafupa ace akali kukula, makamaka pa maondo ndi pa zidendene; akagundana ndi munthu wa zaka 25 wofuna mbuzi, wogona pa mphasa mawa lace adziwika kale. Ndi cifukwa cace eni mpira pa dziko lonse agawa ana monga mwa zaka zao, nawapatsa mpira wocepa, bwalo locepa ndi nthawi yocepa. Palinso cina: ndalama ya pa bwalo ikalowa m'thumba la mwana, mau a amace apepuka, ndipo anzace a timu akamuitana usiku kukathandiza pa bwato la usipa, sadzakana, m'mawa mwace mpando wace ku sukulu udzakhala wopanda munthu.

Waciwiri anadza ndi nsapato zonyezimira ndi lamya ziwiri m'manja. Ameneyu analibe timu kuno, koma anati adziwana ndi akuru a mpira ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, ndipo makolo akapereka ndalama za ulendo ndi za mapepala, iye adzapita naye mwanayo kuti akamuyese. Anaonjeza kuti kukakhala bwino kucepetsako zaka zace ziwiri polemba, pakuti, ati, onse acita comweco.

Pa munthu uyu tiime pang'ono, cifukwa anzace ndi ambiri, ndipo mau ao ndi ozuna. Bungwe la FIFA, limene liyang'anira mpira m'maiko onse, liri ndi lamulo loletsa kusamutsa wosewera kumka naye ku timu ya dziko lina asanakwane zaka 18. Zifukwa zololeza ziripo zowerengeka, monga pamene makolo eni ace asamukira ku dzikolo pa zifukwa zosakhudza mpira. Koma munthu wongodza ndi lamya sali m'gulu la zifukwazo. Wolonjeza kutumiza mwana wa zaka 13 ku timu ya kunja, kapena sadziwa lamulo, kapena alidziwa nayembekeza kuti inu simulidziwa. Za kucepetsa zaka, bodzalo masiku ano ligwidwa: kuyambira caka ca 2009 FIFA iunika mafupa a pa mkono a anyamata a mpikisano wa osapitirira zaka 17 ndi makina a ku cipatala, ndipo anyamata ambiri a m'Africa anabwezedwa kwao ndi manyazi. Kuno kwathunso Boma linalemba anthu m'kaundula m'caka ca 2017, ndipo mwana akakwana zaka 16 alandira citupa cace ca unzika. Tsono zaka za pa citupa zikasiyana ndi za ku sukulu, nazisiyananso ndi za ku mpira, adzabvutika ndi mwanayo, pamene wa nsapato zonyezimira uja ali kutali. Ndipo bambo amene aphunzitsa mwana wace kunama za tsiku lace lobadwa asadzadabwe tsiku limene mwanayo adzamnamiza za zina.

Wacitatu sanatikondweretse poyamba. Anali munthu wacete, wa njinga yakutha, amene asonkhanitsa ana a zaka zofanana pa bwalo lina la kutali pang'ono ndi nyumba ya banjalo. Mipira ali nayo iwiri yokha, ndipo umodzi ngwosoka. Sanalonjeze kanthu, koma anafunsa mafunso: mwanayo ali m'kalasi yanji, anabvulalapo kale kodi, ndipo kalata yocokera ku timu yace yakale iri kuti? Anatinso dzina la mwana aliyense alilemba m'buku ndi zaka zace zoona, nalipereka kwa oyendetsa mpira wa acinyamata.

Kulembetsa kumeneku anthu a m'midzi akuyesa cabe, koma kuli ndi phindu lace. Mpira wa m'dziko lathu uli pansi pa bungwe la FAM, ndipo mwa malamulo a FIFA mbiri ya wosewera iwerengedwa kuyambira caka cimene akwana zaka 12. Akadzakula nagulidwa ndi timu ya dziko lina, magawo 5 mwa magawo 100 a mtengo wace agawidwa kwa matimu amene anamlera kuyambira zaka 12 kufikira 23. Timu yosalembetsa siiwerengedwa konse. Motero mphunzitsi amene asamala za buku ndi kalata aonetsa kuti ayang'ana patali, ndiponso kuti alipo ena pamwamba pace amene mungathe kukadandaulako zinthu zikalakwika. Wa ku gombe mukadandaula kwa yani mwana atathyoka mwendo?

Tisabise, makolo ambiri pansi pa mtima alota za cuma. Amva za Tabitha Chawinga ndi mng'ono wace Temwa, ana a ku Rumphi, kutali ndi mizinda monga kuno komwe. Tabitha anasewera ku Lilongwe, napita ku Sweden m'caka ca 2014, ndipo pambuyo pace anasewera ku China, ku Italy ndi ku France. Temwa anamwetsa zigoli 20 m'ligi ya ku America m'caka ca 2024 ali ku Kansas City Current, nasankhidwa wopambana onse. Amvanso za cigoli cija Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ku Cameroon m'caka ca 2022. Ngakhale m'boma lathu lino anthu aonapo mpira wa ligi yaikuru pa bwalo la Chitowe ku Dwangwa, pamene Dwangwa United inali m'ligimo. Zonsezi nzoona, ndipo tikondwera nazo. Koma werengani nafe: m'ligi yaikuru muli matimu 16, tikayesa anthu 30 pa timu iri yonse, onse pamodzi sakwana 500, m'dziko la ana osawerengeka omenya mpira wa mapepala. Pa ana a pa bwalo lanu, kapena mmodzi adzafikako, kapena palibe. Otsalawo adzadya za sukulu yao, za munda wao ndi za luso la manja ao. Cifukwa cace mphunzitsi amene abweza mwana wothawa sukulu, osamlola kusewera tsiku limenelo, ndiye mnzanu weniweni, ngakhale mwana adzalira.

Tsono tinawauza makolowo kuti: Safunsa anadya phula. Musayankhe msanga aliyense wa atatuwa; pitani nokha mukaime pa bwalo, osati tsiku la mpikisano pamene onse abvala bwino, koma tsiku wamba. Mukamve m'mene mphunzitsi alankhulira ndi mwana wophonya mpira, ngati atukwana kapena alangiza. Mukaone ngati ana ofooka nawonso apatsidwa nthawi, kapena angotola mipira ku thengo. Mukafunse nthawi yoyamba ndi yoweruka, pakuti dzuwa la kuno m'mwezi wa October silifanana ndi la ku Dedza, ndipo mwana wa ku mapiri wothamanga masana opanda madzi akumwa angathe kukomoka. Mukafunsenso za maulendo: apita pa ciani, ndi munthu wamkuru uti, nabwera nthawi yanji? Taona kawirikawiri ana atadzazana pa lole yopanda mpanda pa mseu wa ku Salima, alikuimba usiku, ndipo mtima wathu unagunda. Ndipo ndalama iri yonse imene apempha, ya jezi kapena ya ulendo, ilembedwe poyera, kuti makolo onse aidziwe.

Kunena za madzi, alendo a ku mapiri acenjere ndi mwambo wa anyamata wothamangira ku nyanja akaweruka ku mpira. M'madzi odikha a m'bango muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo ku mathiriro a mitsinje monga Bua ndi Kaombe, ndi ku Chia komwe, ng'ona sizisowa. Ana obadwira kuno adziwa posamba ndi posayenera, mlendo angotsata.

Pali cimodzi cimene amai a mnyamatayo anafunsa okha, ndico ca tsiku la Mulungu. Kuno ku Nkhotakota timu imodzi ikhala ndi ana a Cisilamu, a Anglikani, a Katolika ndi a mipingo yina, ndipo ici ncokoma, pakuti ana amene apatsirana mpira sadzaponyerana miyala atakula. Mphunzitsi wanzeru adziwa kuti ena ali ndi Lacisanu lao masana ndipo ena ali ndi Misa yao m'mawa wa tsiku la Mulungu, naika masewera madzulo. Kholo linene zimenezi pa tsiku loyamba, osadikira kuti mkangano ubuke lole iri pa khomo.

Bamboyo anacitadi monga tinapangana. Anaima pa bwalo la ku gombe tsiku limodzi, napita masiku atatu ku bwalo la mphunzitsi wa njinga uja, kumene anapeza ana alikuthamanga dzuwa litapendeka, ndi cidebe ca madzi ciri pa mthunzi wa mtengo wa mango. Kwa wa lamya ziwiri anangopempha dzina la timu imene idzayesa mwanayo ndi kalata yocokera kumeneko. Munthuyo anati abwera nazo Lolemba, ndipo Malolemba atatu apita. Analemberanso mphunzitsi wakale wa ku Dedza, amene anayankha mokondwa natumiza kalata.

Mnyamatayo sanakondwe ai. Iye anafuna ku gombe, kumene kuli khamu la anthu ndi ng'oma. Ndipo ku timu yatsopanoyi anamuika kumbuyo, pamene kwao anali womwetsa zigoli. Masiku awiri anadya nsima osalankhula ndi atate wace. Atate anamuuza kuti ayese kufikira mayeso a sukulu atatha, ndipo pamenepo adzakhalanso pansi onse atatu ndi amace, namva maganizo ace. Loweruka lapitali tinamuona alikupita ku bwalo pa njinga ya mnzace wa m'timu, mwana wa msodzi wa pafupi ndi msika, atanyamula mpira wosoka uja m'khwapa, pakuti sabata lino ndiye anapatsidwa kuusunga.