Mphatso ndi Ciphuphu Nzosiyana

Anthu a m'midzi amene amakwera basi kucokera ku Chipata kunka ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500, amabwerako ndi nkhani yakuti m'tauni munthu akadya m'hotela amasiyira woperekera zakudya kangacepe. Ena ati khalidweli ndi la Azungu, ena ati ndi ulemu cabe.

Zoona zace nzakuti mahotela ambiri a mu Lusaka amaonjeza kale 10 peresenti pa mtengo wa cakudya, ndipo ndalamayo ndi ya anchito. Woonjezapo acita mwa kufuna kwace. Wosaonjeza alibe mlandu.

Ngozi ili pamene dzanja lozolowera kupatsa m'hotela liyamba kupatsanso apolisi pamseu, ku cipatala, kapena kumene agawa feteleza. Kumeneko si mphatso ai, ndi ciphuphu, cimene Boma linaciikira lamulo lokhwima mu 1980. Mlimi wogula lero cimene ciri cace kale adzacigula modula mawa, ndipo mnzace wosauka adzatsala kumapeto kwa mzere. Mafumu ndi atsogoleri a m'midzi aphunzitse anthu kusiyanitsa ziwirizi.