Sanasiye mpira yekha, tinamusiyitsa

Pitani pasukulu ya pulayimale kwa Chimaliro ku Thyolo nthawi ya buleki, muone amene akuthamanga kwambiri. Ndi atsikana a Sitandade 3 ndi 4. Fulaye apa, jingo apo, ena akupidiguka pa udzu ngati alibe mafupa. Mukawafunefune omwewo atafika Fomu 2. Bwalo latengedwa ndi anyamata, atsikana akhala pansi pa mtengo, ndipo ena kusukulu komweko sakupezekanso. Mukafunsa, yankho limakhala lophikaphika kale: akula, ayamba ulesi, ayamba zibwenzi. Ife yankho limeneli tikulikana.

Funsoli si la ku Thyolo kokha. Kumene linaphulika poyera ndi ku gymnastics, masewero aja a Simone Biles opidiguka m'malere. Kwathu kuno timangowaonera pa foni, koma nkhani yake mukaimva muizindikira. Ana amayamba ali ndi zaka 5 kapena 6, ambiri n'kudzasiya akangotha msinkhu, ndipo kwa zaka zambiri makochi ankangoti analibe mtima wolimba. Zenizeni zinadziwika eni ake atayamba kulankhula. Mu January 2018 ku America, atsikana ndi amayi oposa 150 anaima m'khoti n'kufotokoza momwe dokotala wa timu ya dziko, Larry Nassar, ankawagwiririra ponamizira chithandizo. Anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 40 mpaka 175. Biles naye ananena poyera kuti anali mmodzi mwa ochitiridwa nkhanzazo. Ku Britain, lipoti la Anne Whyte la mu 2022 linapeza ana oyezedwa pa sikelo pafupipafupi, omanidwa chakudya, otukwanidwa chifukwa thupi layamba kukula, okakamizidwa kusewera ali ovulala. Mwana wotere akasiya, eti ndi ulesi?

Kwa Chimaliro kulibe holo ya gymnastics. Kuli mpira wamanja pabwalo lafumbi ndi mpira wamiyendo kwa olimba mtima. Koma msinkhu wosiyira ndi womwewo, ndipo zifukwa zake ndi zapachibale.

Tiyambe ndi thupi, poti ndi pomwe anthu amachita manyazi kutchula. Mtsikana wa zaka 13 mabere ayamba kutuluka, bra yamasewero alibe, kudumpha kukumupweteka, ndipo m'mbali mwa bwalo mwadzaza azibambo okuwa za thupi lake osati za chigoli. Yunifomu ndi kasiketi kaja kouluka ndi mphepo. Ali kumwezi, wavala kansalu, chimbudzi cha pasukulu chilibe chitseko. Inu asisi amene muli ndi mapadi m'chikwama, tayerekezani kudumphira mpira muli choncho anthu akuyang'ana. Boma linachotsa msonkho wa 16.5 peresenti pa mapadi mu 2022, tinaombera m'manja, koma paketi ikufunabe ndalama, ndipo m'nyumba yodalira malipiro a kuthyola tiyi ndalamayo imayamba yapita ku ufa. Akajomba masiku anayi mwezi uliwonse, kochi amaika wina, basi nkhani yatha.

Amene akuganiza kuti tikukokomeza akumbukire Tabitha Chawinga. Mu 2021 anauza nyuzipepala ya The Guardian kuti ali ndi zaka 13 anamuvula zovala pa masewero kuti atsimikize kuti ndi mtsikanadi, chifukwa ankasewera bwino kwambiri. Iyeyo anapirira mpaka anakamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan. Koma pa Tabitha mmodzi amene anapirira, ndi angati anapita kwawo tsiku lotero osabweranso?

Ndiye pali nthawi, ndipo apa ndi pamene dera la tiyi lili ndi vuto lakelake. Tiyi amachuluka nthawi ya mvula, kuyambira cha mu December mpaka April. Mayi amene amagwira ntchito ku esiteti amanyamuka kusanache, ndipo amayesetsa kudzaza dengu chifukwa makilo ndiwo ndalama. Kunyumba ntchito siidikira. Madzi, nkhuni, mwana wakhanda, ndiwo, kumunda kwawo komwe kukufunika kupalira nyengo yomweyo. Zonsezi zimagwera ndani? Mwana wamkazi wamkulu. Mchimwene wake akaweruka amaponya chikwama pakhonde n'kuthamangira kubwalo, ndipo palibe amamufunsa kuti nsima aphika ndani. Mtsikana wa zaka 9 amaloledwa kusewera chifukwa sanayambe kudaliridwa. Akafika 14 wasanduka mayi wachiwiri. Mpira sanaude, angomulanda masana ake.

Tisafulumire kuwaweruza amayi amene amaletsa ana awo kupita ku masewero akutali, ngati kuti ndi umbuli. Amayi a kuminda ya tiyi amadziwa bwino zimene mwamuna wokhala ndi kaudindo angachite kwa mkazi amene akufuna malo. Mu 2021 kampani ya ku Britain ya Camellia, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, inagwirizana zolipira amayi 36 amene anadandaula za kugwiriridwa ndi nkhanza zina m'minda yake ya tiyi, ngakhale kuti siinavomere mlandu. Mayi amene wamva nkhani zotere, kapena waziona kwa anzake, mukamuuza kuti mwana wake akwera lole ndi kochi wamwamuna ndipo abwera usiku, akana. Akulakwa? Vuto si mantha ake. Vuto ndi loti palibe amene wamupatsa chifukwa chosiyira kuopa.

Chomvetsa chisoni n'choti luso lathu limachokera kumidzi komweko. Mwawi Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa World Cup ya netball ya 2015 ku Sydney, ndi wa ku Mzimba. Tabitha ndi Temwa Chawinga ndi a ku Rumphi. Ma Queens atagonjetsa New Zealand 57-53 mu 2018, ndi ma Scorchers atatenga chikho cha COSAFA mu 2023, tonse tinasintha ma status. Kunyadira timatha. Kusamala kamtsikana ka Sitandade 7 kuti kadzafike kumeneko ndiye ayi.

Ku gymnastics zinthu zinayamba kusintha pamene anasiya kufunsa kuti atsikanawa ali ndi vuto lanji n'kuyamba kusintha malamulo. Mu 2021 timu ya atsikana ya Germany inavala zovala zofika m'mapazi pa Olympics ku Tokyo, kukana kuti matupi awo akhale chionetsero. Mu 2023 bungwe la British Gymnastics linaletsa makochi kuyeza ana pa sikelo. Biles, amene anadzichotsa pa mipikisano ingapo ku Tokyo kuti asamale maganizo ake, anabwerera ku Paris mu 2024 ali ndi zaka 27 n'kutenga mamendulo atatu a golide.

Zimene tikupempha ife n'zotchipa kuposa pamenepo. A MASSA ndi ahedi alole mtsikana kusewera atavala kabudula kapena taiti ngati akufuna. Timu ya atsikana isapite ulendo popanda mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa mother group. Bwalo likhale ndi masiku ake a atsikana olembedwa, osati kudikira anyamata atope. Wobwerera kusukulu atabereka abwererenso mu timu. Makampani a tiyi a ku Thyolo, amene tiyi wawo amathyoledwa ndi amayi a ana omwewa, angathe kugula mipira, ma bra ndi zitseko za zimbudzi osamva n'komwe kupweteka. Ndipo mtsikana aliyense adziwe kuti kochi kapena mphunzitsi akamugwira mosayenera, nambala ya 116 ndi yaulere.

Nafenso a m'tauni tili m'nkhaniyi. M'nyumba zambiri ku Blantyre ndi ku Lilongwe muli mtsikana wantchito amene anachokera ku Thyolo kapena ku Mulanje, ndipo ena mwa iwo zaka 18 sanakwanitse. Ngati muli naye kwanu, madzulo ano mumufunse kuti kusukulu ankasewera nambala chani, komanso kuti anasiya ali kalasi yanji.