Mgolo umakometsa vinyo, koma mowa umakhalabe mowa

Mwina mudamvapo wina akunena kuti vinyo wofiira wokhalitsa mumgolo ndi mankhwala, amawonjezera magazi, ndipo ngakhale mayi woyembekezera akhoza kulawako. Musanavomereze, taonani kaye zomwe mgolowo umachita.

Ku Bordeaux m'dziko la France komanso ku Stellenbosch ku South Africa, vinyo wofiira wambiri amamusunga miyezi ingapo, pena mpaka zaka ziwiri, m'migolo yamatabwa a mtengo wa oak. Mgolo wa ku Bordeaux umalowa malita 225. Amisiri amaumitsa matabwawo panja kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo pokhoma mgolo amauwaula mkati ndi moto. Kuwaulako kumatulutsa vanillin, yemwe amapatsa vinyo fungo la vanila, pamene oak wa ku America amawonjezera kafungo ka kokonati. Mpweya nawo umalowa pang'onopang'ono n'kumachepetsa khambi la vinyo. Mgolo ukagwira ntchito katatu kapena kanayi, fungo lake limazirala.

Limeneli ndi luso, ndipo sitingalinyoze. Koma phindu lake lonse limathera pa lilime ndi m'mphuno. Mgolo suchotsa ethanol, chinthu chomwe chimaledzeretsa. Vinyo wambiri amakhala ndi magawo 12 mpaka 15 pa 100 a ethanol, kuposa kawiri mowa wamba wam'mabotolo. Ethanol ameneyu ndi yemweyo wa mukachasu, ndipo chiwindi chanu sichifunsa kuti botolo mudaligula ndalama zingati. Thupi limamusandutsa acetaldehyde, poizoni yemwe amaononga maselo ndipo angayambitse khansa ya kum'mero, ya chiwindi ndi ya m'mawere. Mu Januwale 2023, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidanenetsa kuti palibe mlingo wa mowa womwe tingati ndi wopanda chiopsezo.

Kwa mayi woyembekezera nkhani ndi yaikulu. Mowa umadutsa m'magazi ake kukafika kwa mwana, ndipo ukhoza kuononga ubongo wa mwanayo kwa moyo wake wonse.

Tsono inu makolo ndi inu odzipereka pa zaumoyo, munthu akati akufuna vinyo wowonjezera magazi, muuzeni akayezetse magazi kuchipatala. Adye nyemba, usipa, bonongwe ndi nyama ikapezeka, ndipo ngati ndi woyembekezera amwe mapiritsi a ayironi omwe amalandira kusikelo. Wamkulu yemwe wasankha kumwa vinyo adziwe kuti akumwa mowa. Asamautche mankhwala pamaso pa ana, chifukwa ana amakhulupirira zomwe amva kwa ife.